A Mbewe, Mdala Wodzutsa Ana

A Mbewe tinawaika m'manda Loweruka lapitali, kuseri kwa tchalitchi, dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka kuphazi. Anthu anabwera, koma osati ochuluka monga mmene amayenera kuperekezera munthu amene anakalambira pachipatala chawo. Mlaliki anati malemuwo anali munthu wofatsa, wolankhula mokoma kwa odwala. Ine ndinatsala pang'ono kuseka pamaliro. Wofatsa? A Mbewe? Abale, akufa tiziwanamizira zina, koma izi iyayi. Munthu uja anali wamakani, wokalipa, ndipo amayi ambiri kuno kwa Tembwe sankamutchula n'komwe dzina. Ankangoti mdala wodzutsa ana, ndipo sankanena moyamikira.

Ine ndine nesi. Ananditumiza kuno kuchokera ku Chipata chilala chachikulu chija chisanagwe, ndipo ndinawapeza iwo ali kale kilinikala ofesa pa kachipatala kathu. Kwawo kunali ku Katete, koma anali atakhala m'chigwa muno nthawi yaitali moti Chisenga ankachilankhula, ngakhale ankachipotoza mwa Chichewa mpaka odwala kuseka m'nsalu. Anali wamtali, wowonda, wa khoti loyera limene linasanduka lotuwa ndi madzi a pachitsime. Ogwira ntchito ya mankhwala tinali awiri basi, iwo ndi ine, choncho wokangana naye wina panalibe.

Mkangano wathu woyamba, wachiwiri, ndi ina yonse yotsatira, unali wa kapiritsi kachikasu kamene aliyense amakatchula piritoni. Kuno anthu amakakonda kapiritsi kameneka kuposa mankhwala ena onse. Kashembe akakuluma ku dambo mkono n'kutupa, piritoni. Chiyabwe chikakugwera m'khosi, piritoni. Ziwengo, kuyetsemula kwa nthawi yopuntha chimanga, maso ofiira olira misozi, zonsezo amathandizadi, ndipo amathandiza msanga. Munthu amamwa, kuyabwa kumazizira, tulo timabwera, m'mawa amadzuka akutamanda chipatala. Ine ndinkaona kuti chinthu chothandiza chonchi tizingopereka. A Mbewe chitini chake ankachibisa kuseri kwa mabotolo, pashelefu ya pamwamba pamene ine sindinkafikira popanda mpando. Ankati mankhwala amene odwala amawapempha ndi dzina ndi amene wachipatala ayenera kuwaopa.

Tsiku lina nditawapanikiza kwambiri kuti ndi ouma manja, ananditulutsa panja pamthunzi, natola kamtengo. Anajambula pansi mphete ziwiri zoyandikana, ndi kamchira kochokera pakati pake. Amayi amene ankadikira sikelo ya ana anati adokotala ajambula njinga. Iwo anavomera kuti inde ndi njinga, ati umo ndi mmene mankhwalawa anapangidwira mkati mwake, ndipo dzina lake lenileni ndi klorofeniramini, piritoni ndi dzina la m'sitolo chabe. Pa wilo limodzi anabaya kadontho, nati pamenepo pakhala kachidutswa ka klorini, kamodzi kokha, koma ndi kamene kamapatsa mankhwalawa mphamvu kuposa achibale ake opanda kadonthoko.

Kenako anayamba za hisitamini. Anati thupi limasunga mankhwala akeake otchedwa hisitamini m'timatumba ting'onoting'ono, m'khungu, m'mphuno, m'maso. Chinthu chikakuluma, timatumbato timakhuthuka, hisitamini n'kuthamangira kukakhala pamipando yake. Akakhala pamenepo mitsempha ya magazi imatseguka, khungu limatupa, ndiye kuyabwako. Piritoni sapha hisitamini ndipo samuchotsa m'thupi. Amangofulumira kukakhala pamipando ija, mwini wake pofika apeza palibe pokhala. Ine ndinati zonsezi tinaphunzira kusukulu, asanditayitse nthawi. Iwo anati ndiye ndinangosunga theka. Mipando yomweyo iliko ndi muubongo, ndipo kumeneko ntchito ya hisitamini ndi kukhalitsa munthu maso. Mankhwala ambiri amathera pakhomo la ubongo, salowa. Koma njinga iyi ndi yaing'ono ndipo imasungunuka m'mafuta, choncho imadutsa bwinobwino. Ikakhala pamipando ya m'mutu, munthu amagona.

"Tulo timeneti, asisita, sitichiritsa munthu," anatero akufufuta chojambula chija ndi nsapato. "Timangomufunditsa. Pansi pa chofundacho matenda angathe kumachita zawo, inu osaona."

Nditaona mmene ankaperekera, ndinazindikira kuti sikunali kuuma manja kokha. Aliyense anali ndi funso lake. Wanjinga ankamufunsa ngati akupalasa kubwerera ku Kambombo tsiku lomwelo, ndipo akavomera ankamuuza kuti akamwe akafika, asakagwere mumtsinje ndi tulo. Nkhalamba yaimuna ankaifunsa mosabisa, pamaso pa mkazi wake, ngati mkodzo umatuluka bwino, chifukwa piritoni amaumitsa m'kamwa ndiponso amatha kumanga mkodzo. Wa chitedze ankamukaniza kotheratu. Ankati anayesa kambirimbiri, kuyabwa kwa chitedze sikumva piritoni, bola munthu akachotse ubweyawo pakhungu n'kusamba. Tsiku lina anatibweretsera munthu wolumidwa ndi njuchi, milomo itatupa, mpweya ukulira pakhosi. Achibale anafuula kuti piritoni, piritoni. Iwo anawakalipira kuti piritoni ndi wochedwa pa zoterezi, nabaya adirenalini kaye, piritoniyo anabwera pambuyo munthu akupuma kale.

Koma kumene ankapsa mtima zenizeni kunali nthawi yopalira. Amayi ena ankabwera ndi khanda losadwala, n'kunamizira kuti likuyabwa, cholinga aligonetse pamthunzi iwo agwire khasu. A Mbewe ankalivula khandalo, kulitembenuza uku ndi uku, osapeza kachiphuphu n'kamodzi komwe, ndiye ayambe kukalipa mpaka a kuchigayo kumva. Ine ndinkawamvera chisoni amayiwo. Munda sudikira, mwamuna ali ku mowa, mwana ali kumsana kulira. Ndinkawauza a Mbewe kuti kukana akane, koma kutukwanako n'kwa chiyani? Ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Pamenepo sanasinthe mpaka imfa, ndipo ine mpaka lero ndimati ankalakwa.

Tsono panali klorokwini. Zaka zimenezo mankhwala a malungo anali amenewo, ndipo amene anamwapo akudziwa. Ambiri a ife amatiyabwitsa moopsa, m'manja, kuphazi, m'mutu, kuyabwa kwa mkati kumene chikhadabo sichifika. Anthu akuluakulu ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi. Ambiri ankasiyira mankhwala panjira chifukwa cha kuyabwako, malungo n'kubwerera. Ndiye mwambo wa zipatala unali wakuti klorokwini azipita limodzi ndi piritoni. A Mbewe ankati pa kuyabwa kumeneku piritoni amathandiza pang'ono chabe, ntchito yake yaikulu ndi kukugonetsa kuti uiwale kukanda. Kwa wamkulu analibe nazo vuto. Kwa mwana ndiye panali nkhani, chifukwa malungo akamakwera kumutu, chizindikiro choyamba ndi tulo. Mwana wogona ndi piritoni ndi mwana amene akukomoka ndi malungo amagona mofanana, nkhope yofanana, kupuma kofanana. Kuti udziwe, njira ndi imodzi: umudzutse. Wa piritoni amadzuka, kulira, kukudziwa. Winayo sabwerako.

Choncho ankawadzutsa. M'mawa, masana, madzulo, bedi ndi bedi. Ankamukhazika mwana tsonga, kumufunsa dzina lake, kumufunsa amene wamubereka ndani, kumuonetsa sipuni kuti aitsate ndi maso, kumumwetsa madzi. Mwana akalira ndi kuwamenya, iwo ankasangalala, ati ameneyu ali moyo. Amayi ankatukwana chamumtima. Kuno mwana wodwala akapeza tulo, nyumba yonse imayenda chonyang'ama, ndipo womudzutsa amaonedwa ngati wopanda umunthu.

Ngakhale atapuma pantchito sanasiye. Ku Katete sanabwerere, ati akazi awo anagona kuno, akasiya manda ndi yani. Anamanga kanyumba kuseri kwa chitsime, ndipo dzuwa likafika pamutu ankatulukira m'wodi, opanda khoti, atagwira ndodo. Kilinikala ofesa watsopano, mnyamata waulemu, ankangowasiya. Nthawi imeneyo n'kuti maondo atayamba kuvuta, moti akagwada pambali pa bedi ndinkachita kuwadzutsa ndine. Ndinkawaseka kuti manje wodzutsa ana akufuna womudzutsa. Ankati nditseke pakamwa ndiwapatse dzanja.

Koma ndibwerere m'mbuyo, ku nkhani ya Lusungu, chifukwa ndi imene inawadyera dzina.

Zinachitika m'dzinja, mvula itabwerera pambuyo pa chilala. Mitsinje inali itadzaza, msewu wa ku boma utaduka, za galimoto osaganizira n'komwe. Lusungu anali mwana wa a Goma, mlimi wolemekezeka ndiponso mkulu wa mpingo, ndi mkazi wawo Nyazimba. Kanali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kolongolola, kodziwa nyimbo zonse za kwaya. Anabwera naye thupi lili moto. Tinamugoneka m'wodi n'kuyamba klorokwini.

Kutacha, kuyabwa kunamugwira. Sindinaonepo mwana akuyabwidwa chonchija. Ankagubuduka pabedi, kudzikhula kukhoma, kudziluma m'manja. Amayi ake anamugwira mikono, iye n'kumakhula mapazi pachitsulo cha bedi mpaka kusupuka. A Goma anati mankhwalawa asiyidwe, apo ayi amutenga mwana apite naye kunyumba. Kunyumba kwake kunali kutsidya kwa mtsinje wodzaza. A Mbewe anaima nthawi yaitali akumuyang'ana mwanayo. Kenako anapita kukatsitsa chitini chija, nathyola piritsi pakati.

"Ndimupatsa, a Goma," anatero. "Koma mudziwiretu. Akagona, ndizimudzutsa."

A Goma anavomera, poyesa kuti ndi zongolankhula.

Mwana anagona. Ha, bata lake! Nyazimba anatsamira khoma, misozi ikutsika yokha ndi kutopa. A Goma anatuluka panja kukapemphera. Dzuwa litakwera pang'ono, a Mbewe analowa, namukhazika Lusungu tsonga.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Lusungu," anayankha akulira. "Ndilekeni!"

Anamumwetsa madzi a shuga. Mwana anayambanso kudzikanda, ndipo panatenga nthawi kuti agonenso. A Goma anaona zonsezo ali pawindo. Ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi, kungoti mwana anayankha mochedwa, mutu ukugwera pachifuwa. Dzuwa litafika pamutu, a Mbewe akubwera kachitatu, anapeza a Goma ataima pakhomo la wodi, manja atatambasula.

"Manje basi, adokotala. Mwana wagona. Mankhwala ogonetsa mwamupatsa ndinu, womudzutsa ndinunso. Ndi chipatala chimenechi kapena ndi nkhanza?"

"Ndi zonse ziwiri. Patukani."

"Sindipatuka. Kwathu mwana wodwala akagona, ngakhale nkhuku timaithamangitsa pabwalo."

"Mudzandimenye pambuyo, a Goma. Nkhope yanga ndi iyi, sipita kulikonse. Koma manje patukani."

A Goma anawagwira khoti pachifuwa, batani n'kuthothoka. Odwala amene anali pamzere anaimirira. A Goma anali munthu wa khasu, a Mbewe mafupa okhaokha. Koma mdala uja anangowerama, nadutsa kunsi kwa mkono, khoti n'kutsala m'manja mwa a Goma.

Anamugwedeza mwana paphewa. Zii. Anamuitana dzina, kawiri, katatu. Anamukhazika tsonga, mutu unagwera chagada. Anamutsina pachikhadabo mwamphamvu, mwana anangobuula n'kukoka dzanja pang'onopang'ono. Maso anali otseguka pang'ono koma sankayang'ana munthu.

"Asisita, kwinini," anatero. "Uyu si piritoni."

Ananena motsitsa mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa, chifukwa munthu uja sankadziwa kunong'ona. Zaka zimenezo klorokwini anali atayamba kulephera pa ana ena. Mwana amamwa bwinobwino, kuyabwa n'kumuyabwa, koma tizilombo osafa. Tinamubaya kwinini pantchafu, tinamulowetsa kapaipi m'mphuno kuti tizimupatsa madzi a shuga. Chakumadzulo anayamba kugwedezeka thupi lonse, Nyazimba n'kuyamba kulira maliro. A Mbewe anamuuza kuti asunge misozi, agwire miyendo ya mwana. A Goma anakhala pansi pakhonde, khoti lija lili pamiyendo, osadziwa kuti alitani.

Patapita masiku Lusungu anatsegula maso napempha phala. Anachira. Koma sanabwerere yense. Mwendo wakumanzere ankaukoka, khutu limodzi linagontha, ndipo kulongolola kuja kunatha. Mawu ankabwera amodziamodzi, mochita kuwafunafuna.

Ine ndikudziwa, monga mmene ndikudziwira dzina langa, kuti akanapanda kumudzutsa masana aja, mwana uja akanapezeka madzulo atazizira, aliyense akuyenda chonyang'ama kuopa kumusokoneza. Koma a Goma anaona zina. Iwo anaona mwana amene anagona bwino, wina n'kumugwedeza kachitatu mpaka kumuwononga mutu. Anatero kutchalitchi, anatero kumsika, ndipo anali munthu womveka. Sankanama dala ayi. Ankakhulupiriradi, ndipo tsiku lililonse ankaona mwana wawo akukoka mwendo pabwalo. Anthu anayamba kuthawa wodi yathu. Ena mwana akagona ankamufunditsa chitenje mpaka kumutu n'kumanena kuti wangoyamwa kumene. Dandaulo linafika mpaka ku boma, kunabwera wamkulu wina, anamva mbali zonse, nabwerera osasintha kanthu. Koma dzina linali litapita.

Ndinkawauza kuti ayitanitse msonkhano, afotokoze, ajambule njinga yawo ija pamaso pa mudzi wonse. Anakana. Ndinkayesa kuti ndi kunyada, mpaka tsiku lina tikuwiritsa nsingano pa mbaula, anangoyamba okha.

"Ndikanakana piritoni uja, mwana akanakhala maso ndi kuyabwa kwake. Kufooka kwake ndikanakuona m'mawa, osati masana. Mwina mwendo uja ukanatsala."

"Mukanakana, a Goma akanamutenga," ndinatero. "Akanakafera kutsidya."

"Mwina."

"Si mwina, bambo. Ndi momwemo."

"Inu mukudziwa zambiri, asisita. Ine ndikudziwa kuti ulendo wachiwiri uja anayankha mochedwa, ndipo ndinati ndi piritoni."

Ndiye ndinamvetsa chifukwa chake sankadziteteza. A Goma ankawaimba mlandu wodzutsa mwana, iwo ankadziimba mlandu womugonetsa, ndipo sakanaima pamaso pa bambo wa mwanayo n'kunena kuti manja awo ndi oyera. Ine sindinagwirizane nawo tsiku limenelo, ndipo sindigwirizana nawo lero. Anachita zimene zinalipo zoti achite, ndi mankhwala amene analipo, msewu utaduka. Tinakangana nkhani imeneyi zaka zonse zotsalazo, ndipo amwalira tisanaimalize. Zimandipweteka kuti apita nayo.

A Goma sanabwere kumaliro. Sindinadabwe. Koma pamene tinkabalalika ndinaona Nyazimba ataima patali, ali ndi Lusungu, amene tsopano ndi mtsikana wamtali kuposa amayi ake. Nyazimba anandikokera pambali, nayang'ana uku ndi uku ngati waba.

"Asisita, ine ana anga onse ndimawadzutsa," anatero. "Akadwala, ndimadikira awisi awo apite kumunda, ndiye ndimawadzutsa. Ndimawafunsa dzina."

Ndinamufunsa ngati anawauzapo a Mbewe zimenezi.

"Iyayi. Ndinkaopa kuti zingamveke kunyumba."

Kalanga ine, ndinafuna kumugwedeza mayi ameneyu. Zaka zonsezi, mawu ochepa chonchi, kanyumba ka a Mbewe kali pafupi ndi chitsime chimene iye amadutsa popita kuchigayo! Koma ndinamuyang'ana nkhope, ndinaona kuti akudziwa kale, ndipo ndinangomugwira dzanja.

Lolemba ndinabwerera kuntchito. Mvula ili pafupi, ndipo malungo sadikira maliro. Mzere unali wautali, kilinikala ofesa wathu anali atapita ku boma kukatenga mankhwala, ndinatsala ndekha. Ndinagwira ntchito osadzutsa mutu mpaka dzuwa kufika pamutu, ndiye ndinamva chinthu chachilendo. Kuwodi kunali zii. Nthawi ngati imeneyo tinazolowera kumva ndodo pasimenti, mwana kulira, mayi kung'ung'udza, mawu okalipa akufunsa dzina m'Chisenga chopotoka. Ndinasiya wodwala pampando n'kupita kukaima pakhomo.

Mabedi onse anali ndi ana, ndipo onse anali mtulo. Amayi anakhala m'mbali akuwakupiza ndi nsalu, nkhope zawo zili zomasuka, mmene sindinazionepo m'chipinda chimenecho. Pakati pa mabedi, pamene mdala uja ankagwada, panali poyera, posesedwa bwino. Mayi wina atandiona anamwetulira, naika chala pamlomo kuti ndisachite phokoso.

Ndinawayang'ana ana aja mmodzimmodzi. Nkhope zofanana, kupuma kofanana. Sindikanatha kunena kuti uyu ndi tulo, uyu si tulo. Ndinapita pabedi loyamba, ndinagwada, ndinamugwira mwana paphewa. Amayi ake anasiya kukupiza, ndipo kumwetulira kuja kunachoka.

"Iwe," ndinatero, "dzina lako ndani?"